Mawu a m'mawa: Lupanga lidzadya mpaka liti?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Lilongwe kwacha, Mulungu watisunganso usiku wina. Mawu athu lero akuchokera pa 2 Samueli chaputala 2 ndi 3. Ndimeyi ndi yaitali ndithu, koma madzi a tiyi akamawira pambaulapo mukhala mutaimaliza. Muiwerenge nokha, chifukwa ine ndingoikamba m'mawu anga.

Chandifikitsa pa ndimeyi ndi mkangano umene ndinaumva m'minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni mu February 2025, ndipo mpaka lero sunandichoke m'mutu. Mukuikumbukira nthawi ija. Asilikali athu atatu anali atangophedwa kum'mawa kwa DRC pomenyana ndi gulu la M23 kufupi ndi Goma, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anali atalamula kuti anyamata amene tinatumiza kumeneko pansi pa SADC ayambe kukonzekera zobwerera kumudzi. Wailesi ya dalaivala inkakamba zomwezo. Bambo wina amene anakhala kutsogolo anapukusa mutu. "Ndiye kuti anyamatawa afera chabe? Nanga asanu ndi mmodzi aja anafera ku Beni mu 2018? Tikhetse magazi, kenaka tingonyamula zikwama?" Mayi wina kumbuyo, dengu la masamba lili pamiyendo, anafunsa motsitsa mawu, "Bambo, kodi wanu mwana ali komweko?" M'minibasi munangoti zii. Ngakhale kondakitala anaiwala kuitanira.

Ine ndinkayesa kuti mlandu wagamulidwa, mayi awina. Koma bambo aja anatembenuka. "Wanga kulibe, mayi, pepani. Koma ine ndimapikula katundu ku Dzaleka sabata iliyonse. Ambiri mwa anthu ali kuja anathawa nkhondo yomweyi. Aliyense akachokako, otsala kwawoko awateteza ndani?" Sananame. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale unali ndende, unatsegulidwira othawa kwawo mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ochuluka a ku Congo komweko. Mayi aja sanayankhe. Anatsikira pa Area 18, dera limene kuli chipilala chokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, ndipo ine ndinafika m'tauni mtima uli pawiri.

Tsegulani Baibulo muone kuti mkanganowu ndi wakale bwanji. Sauli atafa, ufumu unang'ambika pakati. Davide analongedwa ufumu ku Hebroni pa fuko la Yuda. Abineri, mkulu wa asilikali a Sauli, anatenga Isiboseti mwana wa Sauli n'kumuika kukhala mfumu ya mafuko enawo. Tsiku lina magulu awiriwa anakumana pa thamanda la ku Gibeoni, awa tsidya lino, awo tsidya linalo. Abineri n'kuuza Yowabu, mkulu wa asilikali a Davide, kuti anyamata adzuke asewere pamaso pawo. Mawuwo muwamvetse: asewere. Anadzuka 12 uku, 12 uko, aliyense n'kugwira mnzake pamutu, kumubaya m'nthiti, onse 24 n'kugwera pamodzi. Akuluakulu awiri amene anayambitsa masewerowo sanakandike ndi pachala pomwe.

Nkhondo inabuka, gulu la Abineri n'kuyamba kuthawa. Asaheli, mng'ono wake wa Yowabu, anali waliwiro ngati mbawala, ndipo anasankha kulondola Abineri yemweyo osapatukira kumanja kapena kumanzere. Abineri anamuchenjeza kawiri konse. Patuka mwana iwe, ndikakupha ndidzamuyang'ana bwanji kumaso mkulu wako? Mnyamata anakana. Abineri anamubaya m'mimba ndi chakumbuyo cha mkondo mpaka unatulukira kumsana. Malemba akuti aliyense wofika pamalo pamene anagwera Asaheli ankangoima chilili.

Dzuwa likulowa, Abineri ali pamwamba pa phiri ndi anthu ake otsala, anafuula mawu amene ali pa vesi 26: Kodi lupanga lizingodya anthu mpaka kalekale? Sukudziwa kuti mapeto ake n'ngowawa? Udzawauza liti anthu ako kuti aleke kuthamangitsa abale awo?

Mawu abwino zedi. Koma taonani pakamwa pamene akutulukira. Ndi munthu yemwe uja anati anyamata asewere. Ndi yemwe wangopha Asaheli, magazi asanaume pamkondo. Ndipo wakumbukira za chibale chifukwa zinthu zamuthina. Ndikanakhala Yowabu ndikanamuyankha kuti, lero ndiye wadziwa kuti ndife abale? Komabe funsolo linali loona, ngakhale wofunsayo anali wakuda m'manja. Kudikira kuti wopempha mtendere akhale woyera mtima n'kudikira madzi a mphutsi, chifukwa pankhondo yaitali oyera amakhala anatha kalekale.

Yowabu anaomba lipenga, anthu n'kuleka kuthamangitsana, mtembo wa mng'ono wake usanaikidwe n'komwe. Atawerengana, kwa Davide kunasowa anthu 19 ndi Asaheli, pamene kwa Abineri kunafa 360. Wowerengera angati Yowabu anapambana kutalitali. Koma mmodzi mwa 20 aja anayamwa naye bere limodzi, ndipo kwa Yowabu mmodzi ameneyo analemera kuposa 360 onse aja.

Chaputala 3 chikuyamba n'kunena kuti nkhondo ya pakati pa banja la Sauli ndi banja la Davide inakhalitsa. Chimene chinatsegula khomo la mtendere sichinali chinthu chaulemu ayi. Isiboseti anadzudzula Abineri pa nkhani ya mkazi, Rizipa, amene anali wa Sauli, ndipo Abineri chifukwa cha mkwiyo anatumiza mithenga kwa Davide kuti apangane. Anafika ku Hebroni ndi anthu 20, Davide n'kuwakonzera phwando, ndipo ananyamuka mumtendere. Pomwe Yowabu amabwera kuchokera kunkhondo ina, anapeza zonse zitatha. Analowa kwa mfumu ali wuwuwu. Mwachita chiyani? Munthuyu anabwera kudzakunyengani, kudzaona polowera ndi potulukira panu!

Uwu ndiye mkangano wa m'minibasi uja, uli m'nyumba ya mfumu. Ndipo mfundo ya Yowabu inali yomveka. Abineri anali atatembenukira mbuye wake, nanga n'chiyani chikanamuletsa kutembenukiranso Davide? Koma vesi 27 ikutiululira chimene chinali pansi pa mtima. Yowabu anatumiza anthu kukamubweza Abineri, Davide osadziwa, n'kumutengera pambali pachipata ngati akufuna amunong'oneze kanthu, n'kumubaya m'mimba, malo omwe aja anabayidwa Asaheli. Malemba sakubisa: anachita izi chifukwa cha magazi a mng'ono wake. Pabwalo ankakamba za chitetezo cha dziko, koma mumtima munali manda. Sindikumuweruza msanga munthuyu. Pangano lija analipanga ena, phwando anadya ena, iye palibe anamufunsa, chonsecho amene anayenera kumeza chowawacho anali iyeyo. Davide anayenda pambuyo pa chithatha cha Abineri akulira, anakana kudya mpaka dzuwa kulowa, n'kuvomera poyera kuti ngakhale ndi mfumu yodzozedwa, tsiku limenelo anali wofooka, ana a Zeruya, ndiye kuti Yowabu ndi m'bale wake, anamukulira mphamvu.

Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhani zotere sitinazimvere pawailesi pokha. Ine ndinakulira kufupi ndi Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino Malawi, ukangodumpha tara uli ku Mozambique. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo ku Mozambique inayamba mu 1977. Ndili mwana ndinkaona anthu akuoloka msewu umenewo, mitolo pamutu, ana kumsana, mbuzi pachingwe. Ankayankhula chiyankhulo chathu chomwechi, ena anali achibale athu enieni a ku Angonia. Tsidya linalo masitolo anasanduka mabwinja, makoma okhaokha opanda denga. Dziko lino linafika posunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pamene ife eni ake tinali tisanakwane 10 miliyoni. Mitengo inatha m'mapiri chifukwa cha nkhuni ndi milimo. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaonongeka, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unkafika pa sopo ndi mchere m'golosale. Asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala. Ku Mozambique komweko anafa anthu pafupifupi 1 miliyoni.

Zokambirana zinayamba ku Rome mu July 1990, m'manja mwa gulu la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi ena. Zinakoka zaka ziwiri ndi miyezi, uku anthu akufabe. Pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Mtengo wake unali wotani? Boma linakhululukira milandu ya pankhondo mbali zonse ziwiri. Kunalibe bwalo loti wootcha mudzi akayankhe, kunalibe komiti yoti mayi woferedwa akafotokoze zimene anaona. Renamo inasanduka chipani, n'kupikisana nawo pa chisankho cha 1994. Tangoganizani mayi amene mwana wake anamudula makutu, akukumana pamsika ndi munthu wa gulu lomwelo akugulitsa chimanga, mtendere n'kumuuza kuti apereke moni. Ife timati mlandu suwola, koma kumeneko milandu yambirimbiri inaikidwa m'manda yamoyo. M'midzi yambiri anthu anachita okha miyambo yosambitsa anyamata obwera kunkhondo kuti alowenso pakati pa anzawo, ndipo mipingo inagwira ntchito yaikulu.

Nanga phindu lake? Ndinaliona ndi maso anga. Anthu omwe aja anaolokanso msewu kubwerera, ulendo uno akuimba. Minda inalimidwanso. Kuyambira mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kumawapatsa makasu, njinga ndi makina osokera, kutengera mawu a pa Yesaya 2:4 onena za kusula malupanga kuti akhale zolimira. Mabomba okwirira pansi anatenga nthawi, mpaka mu 2015 ndi pamene dzikolo linalengeza kuti lachotsa onse odziwika. Lero mbatata ndi kabichi zimene mumagula pa Lizulu ndi pa Tsangano, zina zimachokera m'minda imene kale munthu sakanapondamo.

Sikuti zonse zinatha bwinobwino. Mfuti zinaliranso kuyambira mu 2013, anthu n'kuthawiranso kuno, ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo panafunika pangano lina mu August 2019 pakati pa Pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri wa Renamo Ossufo Momade. Chilonda chomangidwa chosatsukidwa chimatulukanso mafinya. Amene ankati chilungamo chasiyidwa m'mbuyo sanalakwitse. Komabe mukandifunsa ine, mwana wa m'malire, ndinena mosazengereza kuti siginecha ya 1992 ija inali yoyenera, ngakhale inali yolumala. Ana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo.

Ku Colombia ndiye anachita kufunsa anthu pavoti. Nkhondo ya boma ndi gulu la zigawenga la FARC itatha zaka zoposa 50, pa 2 October 2016 anthu anavota ngati akuvomereza pangano la mtendere, ndipo okana anapambana ndi mavoti ochepa kwambiri, ambiri akudandaula kuti zigawenga zapatsidwa chilango chopepuka. Koma ku Bojayá, kumene mu 2002 bomba la FARC linagwera m'tchalitchi mmene anthu anabisala n'kupha ambirimbiri, oposa 90 pa anthu 100 alionse ovota anati inde. Ndikakumbukira zimenezi ndimamvanso funso la mayi wa dengu uja. Panganolo analikonzanso n'kulisaina mwezi wotsatira.

Tsopano pali munthu wina m'chaputala 3 amene alaliki ambiri timamudumpha, ndipo ndi amene wandidzutsa usiku. Davide asanalole kuonana ndi Abineri, anaika lamulo limodzi: mundibwezere mkazi wanga Mikala, mwana wa Sauli. Mikalayu Sauli anali atamukwatitsa kwa mwamuna wina, Palatiyeli. Anthu anapita kukamuchotsa m'nyumba. Vesi 16 ikuti mwamunayo anamutsatira pambuyo akulira njira yonse mpaka ku Bahurimu. Kumeneko Abineri anangomuuza kuti, bwerera. Ndipo anabwerera. Basi, dzina lake silikumvekanso. Sanaombe lipenga, sanabaye munthu, paphwando la ku Hebroni sanaitanidwe. Mtendere wa mafuko 12 unadutsa pakhomo pake n'kumusiyira nyumba yozizira. Mikala mwini wake sitikumva kuti anafunsidwa. Koma Mulungu analola kuti misozi ya munthu ameneyu ilembedwe m'Buku, kuti pamene tikuwerenga phindu la pangano tiziwerenganso amene analipira osafunsidwa.

Ndanena za maiko akutali, koma ndisabisale kumbuyo kwa mapu. Makolo athu atasamukira kuno ku Lilongwe anamanga kanyumba ku Kawale. Atamwalira onse awiri, ine ndi achemwali anga tinayamba kukangana za nyumbayo. Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi. Tapita kwa amalume, tapita kwa akulu a mpingo, tapita kwa odziwa malamulo, ndipo ndalama zimene tamwaza tonse awiri zikanamanga chipinda china. Ana athu amadutsana pa depoti ngati sadziwana. Masabata atatu apitawo amalume anandiimbira kuti achemwali avomera tigulitse nyumbayo tigawane pakati. Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Amalume, zaka zonsezi ndavutikira chiyani? Ndipo mawu aja anandinena pamaliro a mayi, awabweza?" Nditadula foni ndinadzimva ndekha. Anali mawu a bambo wa m'minibasi, anali mawu a Yowabu. Ndinazindikiranso kuti achemwali afewa chifukwa ali ndi mwana wofuna fizi ya ku koleji, osati chifukwa aona kulakwa kwawo. Ndiye kuti Abineri wanga nayenso wafuula atapanikizika.

Pa Luka 14:31-32 Ambuye Yesu, pophunzitsa za kuwerengera mtengo womutsata, anapereka fanizo la mfumu ya asilikali 10,000 yofuna kukumana ndi ina ya 20,000. Akuti imayamba yakhala pansi n'kuganiza, ndipo ikaona kuti siingathe, imatumiza nthumwi mdani akadali kutali. Chimene chandigwira m'fanizoli n'chakuti mfumuyo ikuwerenga amoyo amene ili nawo. Akufa imawalira, imawamangira chipilala, imasamala amasiye awo, koma siiwatenga kukhala chifukwa chotumizira ena kumanda. Madzi akatayika sawoleka. Zaka zisanu ndi zinayi zanga sizibwerera ngakhale nditawonjezapo chakhumi.

Wina asandimve molakwa. Yeremiya 6:14 akudzudzula anthu opoletsa bala pamwamba pokha, akuti mtendere, mtendere, pamene mtendere palibe. Mayi amene akumenyedwa m'nyumba n'kumauzidwa kuti pirira, banja ndi kupirira, ameneyo sakuitanidwira kumtendere. Ndipo bambo wa ku Dzaleka uja anali ndi mfundo imene sindinaipezere yankho lopepuka: asilikali akachoka, nkhondo siichoka nawo limodzi, anthu a ku Goma amatsala pomwepo.

Ndipo m'nkhani yanga Palatiyeli alimo. M'nyumba ya ku Kawale muli banja limene lakhala likuchita lendi zaka zisanu ndi chimodzi, ana awo atatu ali pasukulu yapafupi, mayi amagulitsa mandasi pakhomo pomwepo. Ife tikagwirizana, iwo asamuka. Zaka zonse za mkangano wathu anali pamtendere, mtendere wathu ndiwo uwachotse. Mpaka usiku wathawu ndinali ndisanawaganizire ndi kamodzi komwe.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuthokozani potidzutsa. Tikuika m'manja mwanu amasiye a asilikali athu amene anafera ku Congo, ndi amayi onse amene mtima umagunda foni ikalira usiku. Kumbukirani anthu a ku Goma ndi a ku Dzaleka amene akudikirabe tsiku lobwerera kwawo. Atsogoleri amene akhala pagome lokambirana apatseni makutu omva oferedwa asanasaine. Gwirani dzanja la Yowabu aliyense asanafike pachipata, kuyambira ndi ine. Ndipo amene akubwerera okhaokha kuchokera ku Bahurimu, yendani nawo Inu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Tsiku labwino nonse. Ine ndikaweruka ndidzera ku Kawale kukacheza ndi alendi aja, tikambirane kuti teremu ya ana awo ikutha liti, kenaka ndiwaimbire amalume. Mundikumbukire cha m'ma 5 koloko.